NDALAMA ZOSAONEKA: KODI ZICIZA NTHENDA YANJI?



Mwezi uno cimanga cirikulowa m'nkhokwe, fodya ndi mtedza zirikupita ku msika, ndipo ndalama zayamba kuoneka m'manja mwa anthu. Tidziwa tonse kuti pamene pagwa nyama miimba sicedwa kufika. Kale amalonda anali kufika pa mudzi atasenza nsaru ndi mcere. Lero ena afika m'lamya ya m'manja, opanda katundu ali yense, nanena kuti ali nazo ndalama zatsopano zimene zibala zokha usiku, mwini wace ali m'tulo. Ana athu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Johannesburg abwera nayo nkhani yomweyi, ndipo makolo ambiri atifunsa itatha Misa, nati: Aphunzitsi, kodi Bitcoin nciani? Kodi tigulitse mbuzi kuti mwana atigulire?

Funso lotere liyenera yankho losafulumira. Tsono tiyeni tikhale pansi, tiunike nkhaniyi monga akuru aunika mlandu pa bwalo: tiyambe tamva mbali zonse, ndipo pambuyo pace tiweruze.

CIYAMBI CACE

M'caka ca 2008 mabanki akuru a ku America ndi ku Ulaya anagwedezeka, ndipo ena, monga Lehman Brothers, anagwa ndithu, cifukwa ca ngongole zimene anakongoza mosasamala. Anthu ambiri anataya nyumba ndi nchito, pamene maboma anatenga ndalama za msonkho napulumutsa nazo mabanki omwe analakwawo. M'masiku a mkwiyo amenewo, pa 31 October 2008, munthu wina wodzibisa, wodzicha Satoshi Nakamoto, anafalitsa kalata ya masamba 9 yofotokoza ndalama zoyenda popanda banki ndi popanda boma.

Maganizo ace anali otere. Mukapatsa mnzanu ndalama ya pepala, yacoka m'dzanja lanu, ndipo simungathe kugulanso nayo kanthu. Koma cinthu ca m'kompyuta cikhoza kucurukitsidwa, monga mwana wa sukulu alemba mau amodzimodzi pa masileti awiri. Cifukwa cace pafunika mlembi wokhulupirika, wosunga kaundula, wolemba kuti ndalama iyi yacoka kwa uje, yapita kwa uje. Mlembi ameneyo ndiye banki. Nakamoto anafuna kucotsa mlembiyo, kuti kaundula akhale m'makompyuta zikwi zambiri pa dziko lonse, onse olemba zofanana, kotero kuti mmodzi yekha sangathe kufafaniza kapena kunamiza. Pa mphindi 10 ziri zonse tsamba latsopano lionjezedwa, lomangidwa ku tsamba lakale monga mphete za unyolo. Ndico cimene acicha blockchain. Makina opikisana kulemba tsambalo ayesa manambala miyanda miyanda kufikira ena apeza nambala yoyenera, ndipo opambanawo alandira mphotho ya Bitcoin zatsopano. Nchito imeneyi aicha kukumba, cinkana mulibe khasu m'menemo. Kunaikidwanso kuti Bitcoin zonse sizidzapitirira 21 miliyoni. Kaundulayo anatsegulidwa pa 3 January 2009, ndipo kuyambira pamenepo zabadwa ndalama zina za mtundu womwewo zikwi zambiri, zonse pamodzi zochedwa cryptocurrency, kapena crypto.

Sitikana kuti nzeru imeneyi njakuya. Koma luso la mmisiri ndi phindu la cipangizo cace ndi zinthu ziwiri: munthu akhoza kusema mtondo wosalala bwino, wokongola, koma wopanda posinjira. Sing'anga weniweni ayamba wafunsa nthenda asanapereke mankhwala. Ifenso tifunse: nthenda yathu njotani, ndipo mankhwala awa aiciza kodi?

NCHITO ZITATU ZA NDALAMA

Makolo athu anasinthana ndi mcere, makasu, mikanda ndi nsaru. Pambuyo pace kunadza masiling'i ndi mapaundi, ndipo m'caka ca 1971 kunadza kwacha ndi tambala. Maonekedwe anasintha, koma nchito ya ndalama sinasinthe. Ndalama ndiyo yogulira, ndiyo yoyesera mtengo wa zinthu, ndiyonso yosungira thukuta la lero kuti tidzadye mawa. Tiyese Bitcoin pa zitatu izi.

Coyamba, kugulira. Kaundula wa Bitcoin alandira malipiro ngati 7 okha pa sekondi imodzi, a dziko lonse lapansi. Wolipira ayenera kudikira mphindi 10, nthawi zina ola lathunthu, ndipo anthu akacuruka mtengo wotumizira ukwera. Pafunikanso lamya yodula, intaneti yosaduka ndi magetsi. Kodi mai wogulitsa matimati pa msika adzaimitsa wogula kufikira tsamba lilembedwe? Onani tsono cimene cinacitika mwa njira yina. M'caka ca 2007 ku Kenya kunayamba M-Pesa. Kwathu kuno Airtel Money inadza mu 2012, ndi Mpamba mu 2013. Izi ziyenda pa kalamya kakang'ono kopanda intaneti, ndipo mwana ali m'tauni atumiza ndalama kwa amace pa nthawi yomweyo, amaiwo nakazitenga pa sitolo yapafupi. Palibe anacita kutilalikira kuti tizilandire. Tinazilandira tokha, pakuti zinaciza nthenda imene tinali kuimva, ndiyo ya kutumiza ndalama m'thumba la munthu wa pa basi. Bitcoin yakhala zaka zoposa 15, ndipo ambiri amene ali nayo sagula nayo kanthu: angoisunga, nayembekeza kuti mtengo ukwere.

Caciwiri, kuyesera. M'mwezi wa May 2010 munthu wina wa ku Florida, Laszlo Hanyecz, anapereka Bitcoin 10,000 pogula mikate iwiri yochedwa pizza. Mu December 2017 Bitcoin imodzi inayandikira madola 20,000. Citapita caka cimodzi inagwa kufikira ngati 3,200. Mu November 2021 inafika ngati 69,000. Mu November 2022 inali ngati 16,000. Mu December 2024 inapitirira 100,000. Tayesani ndowa yoyesera cimanga imene mamawa iri yaikuru ndipo madzulo iri theka: ndani angagulitse nayo, ndani angakongoze nayo?

Wina adzati: Koma taonani, yakwera! Inde yakwera, ndipo ena analemera nayo ndithu. Koma tifunse kumene phindu lao linacokera. Ng'ombe ibala mwana, munda ubala cimanga, cigayo cigaya ufa. Bitcoin sibala kanthu. Dola iri yonse imene wogulitsa apindula yaturuka m'thumba la wogula wa pambuyo pace, amenenso ayembekeza wina wodza pambuyo pa iye. Cifukwa cace amene ali nayo saleka kuitama, pakuti phindu lao liri m'kubwera kwa inu.

Cacitatu, kusungira. Apa pali bala lenileni, ndipo sitilibisa. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi 44 pa 100. Amene anasunga ndalama za feteleza m'citini anaziona zirikusungunuka ngati mcere m'madzi. Abale athu a ku Zimbabwe akumbukira caka ca 2008, pamene mitengo inali kukwera tsiku ndi tsiku, kufikira boma linasindikiza pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni. Munthu wofuna pothawira sitimdzudzula. Koma kuthawa nyumba yodontha nkukagona m'bwato nthawi ya mwera si cipulumutso ai. Wolemera akhoza kupirira zaka zitatu cuma cace citagwa ndi magawo atatu mwa anai. Mlimi afuna ndalama zace mu October, mvula isanagwe, ndipo mwana akadwala afuna ndalama usiku womwewo.

Palinso nkhani ya mfungulo. Mwini Bitcoin aisunga ndi mau acinsinsi. Akawataya, palibe banki, palibe mfumu, palibe bwalo la milandu lomtsegulira. Ku Newport, m'dziko la Wales, James Howells anatayitsa ku dzala mu 2013 kacipangizo ka kompyuta m'mene munali mfungulo ya Bitcoin ngati 8,000. Anapempha zaka zambiri kuti akumbe dzalalo, ndipo mu January 2025 woweruza anakana mlandu wace. Taganizani tsono bambo womwalira modzidzimutsa mau aja ali m'mutu mwace: mkazi wamasiye ndi ana sadzaona ngakhale tambala.

MAIKO AWIRI AMENE ANAYESA

Pali dziko laling'ono la ku America wa pakati, dzina lace El Salvador, kwao kwa Oscar Romero Woyera. Anthu ace ambiri agwira nchito kunja, natumiza kwao ndalama zokwana ngati gawo limodzi mwa magawo anai a cuma conse ca dzikolo. Ngati panali malo amene Bitcoin ikadaonetsa mphamvu yace, ndi pamenepo. Pa 7 September 2021 mtsogoleri wa dzikolo, Nayib Bukele, anaisandutsa ndalama ya lamulo. Amalonda analamulidwa kuilandira, ndipo munthu ali yense wotsegula cikwama ca m'lamya cochedwa Chivo anapatsidwa madola 30 aulere. Ambiri anatenga madola 30 aja, nagula nao zofuna zao, osabwereranso. Mwa madola 100 ali onse otumizidwa kucokera kunja, amene anayenda pa njira ya crypto sanakwane ndi awiri omwe. Mu January 2025, pofuna ngongole ya madola 1.4 biliyoni ya ku IMF, nyumba ya malamulo inasintha lamulo lija, kuti wamalonda asakakamizidwenso kulandira Bitcoin.

Kuno ku Africa, dziko la Central African Republic linacita cimodzimodzi mu April 2022, pamene munthu ngati mmodzi yekha mwa 10 anali ndi intaneti, ndi midzi yambiri inalibe magetsi. Caka cisanathe, mu March 2023, lamulolo linasinthidwa. Mankhwala amene wodwala awalavula ngakhale awalandira ulere, tiyenera kuwakayika.

MLEMBI WABWERANSO, NDIPO ALIBE WOMYANG'ANIRA

Cinthu codabwitsa ndi ici. Bitcoin inapangidwa kuti tisakhulupirirenso munthu wa pakati. Koma popeza kuisunga wekha nkobvuta, anthu ambiri aigula ndi kuisungitsa kwa makampani osinthitsa ndalama. Potero mlembi uja wabweranso, koma tsopano kawiri kawiri alibe womyang'anira. Mu 2014 kampani ya Mt. Gox ku Tokyo inatseka, itataya Bitcoin 850,000. Mu November 2022 inagwa FTX, imene inali kutamidwa ndi anthu ochuka. Ndalama za osungitsa zokwana ngati madola 8 biliyoni zinasowa, ndipo mwini wace, Sam Bankman-Fried, anaweruzidwa mu March 2024 kukhala m'ndende zaka 25.

Koma zimene zifika m'midzi ndi zoipa koposa, pakuti zambiri siziri crypto konse. Zingobvala dzina lace. Mai wina wa ku Bulgaria, Ruja Ignatova, anayambitsa OneCoin mu 2014, nasonkhanitsa madola oposa 4 biliyoni m'maiko ambiri, kufikira m'midzi ya ku Uganda. Kaundula weniweni panalibe. Manambala amene anthu anali kuwaona m'lamya zao anali ongolembedwa. Mu October 2017 maiyo anakwera ndege ya ku Athens, nasowa. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri agwira nchito, kampani ya Mirror Trading International inalonjeza phindu la ngati 10 pa 100 mwezi uli wonse, ndi mphotho kwa ali yense wobwera ndi mnzace. Inagwa mu December 2020, italandira Bitcoin zoposa 29,000. Mwini wace, Johann Steynberg, anathawira ku Brazil, kumene anagwidwa patapita caka.

Cinyengo ici ncakale. Mu 1920 ku Boston, Charles Ponzi analonjeza phindu la 50 pa 100 m'masiku 45, nalipira oyamba ndi ndalama za otsatira, kufikira otsatira anatha. Oyamba alandiradi, ndipo iwo ndiwo asanduka nyambo yokolera abale ao. Ici ndico cotiwawa koposa: msampha uwu suchedwa ndi mlendo, uchedwa ndi mlamu, ndi mnzathu wa m'kwaya, amene iye mwini sadziwa kuti wakodwa kale. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZIMENE TIYENERA KUBVOMERA

Mlandu suweruzidwa pomva mbali imodzi. Ku Nigeria ndi ku Argentina, kumene ndalama za dziko zinatsika kwambiri, anthu ambiri agwiritsa nchito crypto yochedwa Tether, imene mtengo wace umangidwa ku dola, posunga ndi potumiza ndalama kunja, ndipo yawathandiza. Koma onani bwino: cimene afuna ndi dola ya boma la America, ndipo ayenera kukhulupirira kampani imene inena kuti isunga madolawo. Kampani yomweyo inalipitsidwa madola 41 miliyoni mu 2021 cifukwa cosanena zoona za cuma cace cosungidwa. Ndiye kuti m'mene crypto yathandiza, yathandiza pobwerera ku boma ndi kwa mlembi amene inati iwacotsa.

Kwathu kuno, ku Bondo m'boma la Mulanje, kumene anthu apanga magetsi ndi madzi otsika m'phiri, kampani ya Gridless inaika makina okumba Bitcoin kuti agule magetsi otsala, ndipo ndalama zace zithandiza nchito ya magetsiyo. Ici ncabwino, ndipo ticiyamika. Koma cimene ciwalitsa nyumba ndi madzi a m'phiri ndi thukuta la anthu, ndipo phindu la m'mudzimo liri m'kugulitsa magetsi, si m'kugula Bitcoin. Pa dziko lonse makina amenewa adya magetsi oposa ka 40 amene Malawi yense agwiritsa nchito pa caka, pongoyesa manambala. Malemu Papa Francis, m'kalata yace Laudato Si' ya 2015, anatikumbutsa kusamala dziko limene Mulungu anatisungitsa. Nkobvuta kugwirizanitsa ziwirizi pamene amai ambiri abereka pa kuwala kwa toci.

CIPHUNZITSO CA EKLEZIA

Eklezia sadana ndi nzeru zatsopano, ndipo sadana ndi malonda. Ansembe a cipani ca Francis Woyera ndiwo anatsegula ku Perugia mu 1462 nyumba yokongoza amphawi, kuti awaombole kwa akatapira. Bambo John McNulty anayambitsa mu 1955 ku Jirapa, m'dziko la Ghana, bungwe losunga ndi kukongozana ndalama, ndipo mabungwe otere anafala m'Africa; kwathu kuno anagwirizana mu 1980 napanga MUSCCO. Onsewa anayamba poona nthenda ya amphawi, nafuna mankhwala ace. Sanayambe ndi mankhwala ndi kufunafuna wodwala pambuyo pace.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2413, aphunzitsa kuti masewera a mwai sali ucimo mwa iwo okha, koma asanduka oipa pamene alanda munthu zofunika za iye ndi za a m'nyumba mwace. Kugula cinthu cosabala, pongoyembekeza kuti wina adzacigula modula, kuyandikana kwambiri ndi kuchova njuga. Wocita ici ndi ndalama za sukulu ya ana, kapena za mbeu, kapena za ngongole, alakwira banja lace. Ndipo wokopa mnzace, alikudziwa kapena kuganizira kuti mphotho yace icokera m'kutaya kwa mnzaceyo, alakwira lamulo lacisanu ndi ciwiri. Akalapa, ayeneranso kubweza.

Tamva kuti ena alalikira malonda awa ndi fanizo la matalente la m'Mthenga Wabwino wa Mateyo Woyera. Awerengenso bwino: anchito okhulupirika aja anacita malonda, nagwira nchito, nadzawerengera mbuye wao poyera. Awerengenso kalata yoyamba ya Paulo Woyera kwa Timoteo, mutu 6, m'mene acenjeza za misampha ya ofuna kulemera.

MALANGIZO KWA MABANJA

Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inacenjeza anthu kuti ndalama izi sizinali zobvomerezeka ndi lamulo monga kwacha, ndi kuti wocita nazo malonda adziika yekha pa ngozi. Ife tionjeza malangizo awa.

1. Munthu akakulonjezani phindu lotsimikizika la pa sabata kapena la pa mwezi, mfunseni cimene cibala phindulo. Akalephera kucifotokoza m'mau amene agogo angamve, bwezani ndalama m'thumba.

2. Akati mphotho yanu idzakula mukabwera ndi anzanu, dziwani kuti katundu wogulitsidwa ndinu.

3. Akakufulumizani, nati mwai utha lero, gonani kaye masiku atatu, mufunse kwa odziwa. Safunsa anadya phula.

4. Mwamuna asabise kwa mkazi wace, ndi mkazi kwa mwamuna wace. Cuma ca banja cikambidwe ndi onse awiri, ndipo munda, ng'ombe ndi mbeu zisagulitsidwe cifukwa ca manambala a m'lamya.

5. Misonkhano ya mphakati, ya kwaya ndi ya mabungwe a mpingo isakhale msika wa zinthu izi, ndipo dzina la Mulungu lisachulidwe pozitsatsa.

6. Pofuna kusunga, yambani ndi zimene muziona ndi kuziwerenga pamodzi: mbuzi, nkhumba, mitengo, malata, banki m'khonde yoyendetsedwa poyera, ndi mabungwe olembedwa m'kaundula wa boma. Izinso ziri ndi ngozi zao, koma zikabvuta mudziwa khomo logogoda.

Kwa inu anyamata ndi asungwana odziwa makompyuta tinena ici: nzeru zanu tizifuna ndithu. Tipezereni njira yodziwira mtengo woona wa soya tisanagulitse, njira yosungira bwino mabuku a gulu lathu, njira yocepetsa mtengo wotumizira ndalama kucokera ku South Africa. Nthenda zathu ndi zimenezo, ndipo wozipezera mankhwala tidzamlandira ndi manja awiri.

Ndipo ngati alipo pakati pathu amene anakodwa kale, tisamseke, tisamnyoze. Manyazi ndiwo acititsa munthu kubisa, ndi kubisa ndiko kupatsa mbala nthawi yokola ena. Anene poyera, akadziwitse apolisi, ndipo Akristu anzace amgwire dzanja.

Yosefe Woyera, mmisiri wa ku Nazarete, amene anadyetsa Banja Loyera ndi nchito ya manja ace, atipempherere kwa Mulungu, kuti tidye za thukuta lathu ndi mtima wokhazikika, ndi kuti tisataye cimene tiri naco pothamangira cithunzithunzi.